Mlamu Wanga Yunusu

Joni, 11 Febuluwale 2024

Amake Mable,

Muli uli kumeneko? Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula ndi mabelo a nsalu. Mable dzino lija linatuluka? Mundiperekere moni kwa apongozi ku Boma ndi kwa onse a ku Champhira.

Mudabwa kuti munthu woti ali ndi foni akulemba kalata ngati agogo ake a ku migodi. Pa foni sindimasuka. M'chipinda timagona anthu asanu, makoma ake ndi a mabolodi. Ndiye ndapempha Wilfred, wa galimoto yonyamula katundu uja, kuti azinditengera makalata akamabwera ku Mzimba. Mukawerenga musasiye pa tebulo.

Tsiku lija munamva munthu akuitana Kassimu ine n'kuyankha, ndipo munandifunsa kuti Kassimu ndani. Kassimu ndine, Keziya. Musaseke. Mlongo wanu Enos kuno ndi Yunusu. Bwana wathu ndi Mmwenye, Msilamu wopemphera kwambiri, ndipo mosungira nsalu mwake amalemba Asilamu okhaokha, n'kuwapatsa ndi pogona pomwe. Iye amayesa kuti Mmalawi aliyense ndi wa ku Mangochi. Tsiku limene ndinatsika basi, Enos anandiveka kachipewa koyera tisanafike pageti. Nditayamba kukana anati, "Mlamu, ukufuna ntchito kapena ukufuna kugona pa siteshoni? Akakufunsa dzina unene Kassimu, zinazo ndiyankha ndine." Mbwenu ndinakhala Kassimu.

Iye wakhala Yunusu zaka zambiri, moti swala, mapemphero awo aja, amaidziwa kuposa ena obadwira momwemo. Ine ndimaima kumbuyo kwake. Akawerama ndiwerama, akagwada ndigwada, milomo ndikungoigwedeza.

Koma chimene chandilembetsa ndi china. Enos sali bwino. Zithunzi zimene amakutumizirani zija amajambulitsa atavala majekete awiri. Akutsokomola chomene ndipo watha thupi. Ndinalonjeza apongozi pakhonde pawo kuti mwana wawo ndibwera naye kumudzi, ndipo sindinaiwale. Musawauze kaye za matendawa.

Wilfred akupatsani R800. Mugule yunifolomu ya Mable, yotsalayo gaga wa nkhumba. Nkhumba zangazo zili bwanji? Tsopano mwamvetsa chifukwa chake pa foni sindizifunsa. Yaikazi ija ikaswa musathamangire kugulitsa ana ake.

Ndine mwamuna wanu,
Chikomeni

Joni, 24 Malichi 2024

Amake Mable,

Ndakondwa kumva kuti malungo aja anakusiyani. Ine ndilipo. Ndikadati ndili bwino, koma njala.

Tili m'mwezi wa Ramazani. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, osadya, osamwa ngakhale madzi, koma mabelo tikunyamula monga mwa masiku onse. Ine ndikuuzeni zoona, ndikapita kubafa ndimamwa pa mpopi. Enos ayi. Munthu wodwala chonchija akusala mpaka milomo kung'ambika. Ndinamukalipira kuti, "Iwe, ukusalira ndani poti ine ndi iwe tikudziwana?" Anangoti, "Ndinazolowera." Kuuma mutu kumeneku ndi kwa kwanu, musakane.

Kuseri kwa shopu kuli kamzikiti kakang'ono, ndipo amakayang'anira ndi Che Twaibu, mkulu wa ku Machinga wa ndevu zoyera. Lamlungu masana amaphunzitsa antchito. Ataona kuti Chiarabu changa ndi chongong'ung'udza, sananyoze. Anandibwereka Kurani yomasuliridwa m'Chichewa, Chiarabu mbali ina. Usanaligwire bukulo uyambe wasamba, ndipo saliika pansi. Ine ndinkayesa kuti ndipezamo zoopsa zimene tinkauzana ku Sande sukulu. Ndinapezamo Nowa ndi chombo chake, Mose ndi Farao, Yosefe abale ake akumuponya m'chitsime. Mayina okha ndi amene asintha pang'ono, ngati ife.

Che Twaibu amati bukuli saliwerenga ngati nyuzipepala. Uyambe wafunsa kuti mawu amenewa anabwera liti, ku Makka kapena ku Madina. A ku Makka anabwera Asilamu ali ochepa, akuzunzidwa kwawo komwe. A ku Madina anabwera atathawa n'kukhala ndi mudzi wawo. Akuti ukasakaniza ziwirizi ukhoza kumva zimene bukulo silinanene. Lero anatifotokozera kuti pa nthawi ina akuluakulu a ku Makka anatsekereza Mtumiki Muhammad ndi abale ake m'chigwa, n'kugwirizana kuti pasapezeke wowagulitsa chakudya kapena wokwatirana nawo. Anakhalamo zaka ngati zitatu mpaka kudya masamba a mitengo, kulira kwa ana kumamvekera kunja.

Nkhani imeneyo inandikhala pamtima. Masiku a pa pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo apolisi akugwira anthu pokwerera mataxi. Ndimachoka kuchipinda kupita kushopu, kuchoka kushopu kupita kumzikiti, zonsezo mumpanda umodzi. Tchalitchi chilipo pafupi, ndimangomva belu lake.

Ndamva kuti mvula inadula. Chimanga chimene mukolole musagulitse kwa mavenda ngakhale thumba limodzi, ndapota.

Wanu,
Chikomeni

Joni, 28 Epulo 2024

Amake Mable,

Moni nonse. Yewo chifukwa cha nyemba, zafika bwino, Wilfred sanabe. Ine ndili bwino.

Enos anapita kuchipatala ndipo anamupeza ndi chifuwa chachikulu. Akumwa mankhwala, koma anachedwa nawo. Ntchito wasiya. Bwana sanamuthamangitse, akumupatsabe theka la malipiro ali chigonere, ndipo akazi a bwana amatumiza supu tsiku lililonse, amati ndi wa m'bale wathu Yunusu. Ine ndikalandira mbaleyo ndimasowa poyang'ana.

Ndinakambirana ndi Wilfred kuti amusungire mpando. Mlongo wanuyo anakana. Akuti, "Ndikatsike ku Boma ndi kachikwama kamodzi anzanga atamanga nyumba za magalasi? Ndichire kaye." Ndinapsa mtima mpaka ndinatuluka panja. Zaka zonsezi ndalama zake zinkapita kuti, ine ndikudziwako pang'ono, koma si za m'kalata.

Mankhwalawa amufoola maso, moti ndikaweruka ndimamuwerengera ndine. Baibulo ndilibe, ndinalisiya kumeneko pa malangizo ake omwe. Choncho timawerenga buku la Che Twaibu. Amakonda sura ya Mariamu, sura ndiye chaputala. Muli Zekariya akupempha mwana atakalamba, muli Mariamu akubereka yekhayekha pansi pa mtengo wa kanjedza. Zina zimakoma ngati za kwathu. Koma pali malo amene bukuli limanena mosabisa kuti Yesu ndi mneneri, si Mwana wa Mulungu. Ndikafika pamenepo ndimaima, ine munthu woimba kwaya kuyambira ndili mwana. Enos amati, "Pitiriza, mlamu, sanakufunse kuti uvomere."

Che Twaibu anatipeza tikuwerenga, n'kukhala pa ndowa kutiuza mbiri ya sura imeneyi. Mazunzo atakula ku Makka, Mtumiki anatumiza anthu ake ena kutsidya la nyanja, ku Habasha, kumene lero ndi ku Itiyopiya. Mfumu ya kumeneko inali Mkhristu. A ku Makka anatumiza anthu ndi mphatso kuti akawabweze othawawo. Mfumu inati iyambe yamva zimene amakhulupirira, ndipo mmodzi wa iwo anaiwerengera sura ya Mariamu yomweyi. Akuti mfumu inalira, n'kukana kuwapereka, ndipo anakhala m'dziko lake mwamtendere zaka zambiri.

Mkuluyo atatuluka Enos anati, "Waona, mlamu? Kale Mkhristu anasunga Asilamu. Lero Asilamu akusunga Akhristu." Ine ndinati, "Koma mfumu ija inkadziwa amene ikuwasunga." Anatembenukira kukhoma, ndipo ndinadandaula kuti ndalankhuliranji.

Mwezi uno ndatumiza R500 yokha, ina yapita ku zipatso ndi mkaka wa wodwala. Denga la khola lidikire.

Wanu,
Chikomeni

Joni, 2 Juni 2024

Amake Mable,

Kalata yanu ndalandira. Kuno kwazizira kuposa ku Luwawa, m'mawa madzi amaluma zala. Chimfine chinandigwira koma chapita.

Ndinati musawauze apongozi, inu mwawauza. Sindikukalipa, ndi mayi ake. Mawu awo ndawamva monga mwalembera: abwere wamoyo, zikakanika abwerebe, akagone pambali pa bambo ake. Keziya, mawu amenewo akundisowetsa mtendere, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Sabata yatha kunamwalira bambo wina wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito pa shopu yoyandikana nafe. Anatsirizika m'mawa. Dzuwa lisanapendeke anali atamusambitsa, atamukulunga m'nsalu yoyera, atamupempherera, ataikidwa. Popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda kudikira wa kumudzi. Kwa iwo kufulumira ndiwo ulemu, kumusunga munthu masiku ndi kumuzunza. Ine ndinabwerako kumandako ndikuganiza za Enos.

Bungwe la maliro la anthu a ku Mzimba lilipo kuno, ndipo limatumiza mitembo kumudzi. Koma mapepala ake amatenga sabata kapena kuposa, ndipo anthu ake akamva amabwera pageti ndi nyimbo za m'tchalitchi. Kuti ndiwaitane, ndiyambe ndauza bwana ndi Che Twaibu kuti Yunusu kulibe, Kassimu kulibe. Ndikanena lero, mawa tili pa msewu ndi munthu wosayenda, m'chisanu muno, opanda mapepala. Ndikapanda kunena, mwaona kale zimene zingachitike. Njira ndi imodzi basi, akwere galimoto akadapuma.

Ngati kuti zimenezi sizikukwana, tafika pa sura ya achiphamaso. Che Twaibu akuti ndi ya ku Madina, pamene Chisilamu chinali ndi mphamvu ndipo ena ankalowa ndi pakamwa pokha kuti zinthu ziwayendere. Pomwe ankafotokoza ndinkamva ngati aliyense akuyang'ana kachipewa kanga. Kenako anatiuza za ku Makka, za munthu wina dzina lake Amari. Makolo ake anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, iyenso anamuzunza mpaka anakana ndi pakamwa zimene ankakhulupirira. Anapita kwa Mtumiki akulira. Mtumiki anamufunsa kuti mtima wako uli bwanji, iye n'kuti uli pomwe unali, ndipo anauzidwa kuti alibe mlandu.

Anzathu atabalalika ndinafunsa mozungulira. Ndinati, "Che Twaibu, nanga munthu wonena ndi pakamwa zosiyana ndi mtima chifukwa cha njala, ali mbali iti, ya Amari kapena ya achiphamaso?"  Anati, "Amari anali m'manja mwa omuzunza, mwanangu. Za njala ine sindinaweruzepo. Mitima amaidziwa ndi Mwini wake." Atatero anandipatsa malalanje awiri kuti ndikapatse wodwala.

Mable mumugulire juzi ya pa kaunjika, musadikire ya kuno.

Wanu,
Chikomeni

Joni, 7 Julayi 2024

Amake Mable,

Muli uli? Lero ndilemba zochepa, Wilfred wayimitsa galimoto panja.

Enos wavomera. Ulendo uno galimoto yadzaza, koma wa pa 20 mpando wakutsogolo ndi wake, ndalipira kale. Uzani apongozi akonze chipinda chija chili ndi zenera la kum'mawa. Musadzadzidzimuke mukamuona, ndipo Mable asadzakhale woyamba kumuona. Amalakalaka nkhuku ya lokolo ndi mphangwe, ndiwo zathu za masamba zija, ngakhale sindikudziwa ngati adzadya.

Che Twaibu wamupatsa buku lija kuti likhale lake, ndipo iye akuti alitenga. Ndinamufunsa kuti akaliika pati m'nyumba ya mayi wa chigwirizano. Kenako ndinamufunsa chimene chakhala chikundivuta miyezi yonseyi. Ndinati, "Mlamu, pano tili awiri, undiuze zoona. Ndiwe Enos kapena ndiwe Yunusu?" Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Chitamusiya anati, "Werenga, iwe, usandilembetse mayeso." M'bukumo tinali pa ulendo wa Mtumiki wothawa ku Makka, pamene anabisala m'phanga ndi mnzake mmodzi adani akudutsa pakhomo pake. Ndinawerenga mpaka anagona.

Tipempherereni kuti masiku otsalawa athe msanga.

Wanu,
Chikomeni

Joni, 19 Julayi 2024

Keziya,

Sindikufunsa za moyo wanu, ndikudziwa mmene mulili. Munadula foni ndisanamalize, ndipo simunalakwe. Koma mumve zonse kuchokera kwa ine, osati kwa anthu.

Enos anatisiya Lachitatu m'mawa. Ndinapita kukamutenthetsera madzi, pobwera ndinapeza wapita. Anzathu a m'chipinda anathamangira kwa Che Twaibu ine ndisanaganize n'komwe chochita. Bwana anatseka shopu, chinthu chimene sachita ngakhale pa tsiku la chikondwerero. Anaitana dokotala wake, mapepala anatheka m'mawa womwewo, nsalu anadula pa belo yake yabwino. Anandigwira paphewa akulira, n'kunena kuti ndisadandaule za ndalama, zonse ndi zake.

Asanayambe chilichonse Che Twaibu ananditengera pambali. Anati, "Wachibale amene alipo ndi inu. Pali chimene mukufuna kunena tisanamusambitse?" Anafunsa kawiri, Keziya. Nambala ya wapampando wa bungwe la a ku Mzimba inali m'foni, foni ili m'thumba. Ndinaganiza za apongozi. Ndinaganizanso za msewu, za apolisi, za Mable ndi sukulu yake, za nkhope ya bwana akamva kuti supu yonse ija ankapatsa anthu omunamiza. Ndinaganizanso za Enos mwini wake, amene anasala Ramazani yonse popanda womukakamiza, amene anakana kundiyankha. Sindikubisala kumbuyo kwa zimenezo. Mantha ndiwo anali ambiri. Ndinati, "Palibe."

Posambitsa ndinalowa nawo monga wachibale. Ndinali ndi nkhawa kuti thupi lake litiulula, poti ife a kwathu ku Mzimba sitipita ku jando, mukumva chimene ndikunena. Koma amafunditsa nsalu kuyambira pa mchombo mpaka m'mawondo, ndipo amasambitsa modekha ngati khanda. Che Twaibu nkhope yake sinasinthe. Titamaliza anandiuza chapansipansi kuti wosambitsa maliro sanena zimene waona, ndi lamulo lawo. Sindinamufunse kuti waona chiyani.

Anthu anabwera ambiri, ena sindinawaonepo. Tinaima m'mizere kumupempherera, pemphero lake ndi loimirira, lopanda kugwada. Ine mumtima ndinanena Atate Wathu. M'manda ndinatsikamo ndine ndi anthu ena awiri. Ndinamulandira ndi manja angawa, anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anandiuza kuti ndimugoneke chammbali, cha kudzanja lamanja, ndipo ndinatero. Dzuwa lisanalowe zonse zinali zitatha, m'pamene ndinakuimbirani.

Mawa Wilfred anyamuka. Pa mpando uja pakhala chikwama chake. Muli majekete awiri aja, nsapato, ndi foni. Buku ndalisunga, ndaona kuti lingawawitse mtima wa apongozi. Malipiro ake otsala bwana wapereka onse ndipo ali m'thumba lamkati, mukawapatse mayi.

Ndinalonjeza ndipo ndalephera. Pepani chomene.

Chikomeni

Joni, 1 Seputembala 2024

Amake Mable,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kuti ndikumva kwa Wilfred osati kwa inu. Ine ndilipo. Foni simukuyankha, kalata sinabwere. Ndidikira.

Wilfred wandiuza kuti apongozi anakhazika maliro masiku atatu opanda mtembo, ndipo abusa analalikira pafupi ndi chikwama. Wandiuzanso kuti analetsa kutchula dzina langa pakhomo pawo. Akuti ku Boma anthu akunena kuti ndinagulitsa mlamu wanga kwa Amwenye. Musalimbane nawo pa msika, asiyeni anene.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndibwera. Ndikatuluka pa chipata cha dziko lino andidinda kuti ndisadzalowenso, ndiye tidya chiyani? Bwana wandikweza, tsopano ndine woyang'anira mabelo, akuti chifukwa cha mmene ndinasamalira m'bale wanga. Ndinalandira makiyi n'kuthokoza. Kachipewa ndikuvalabe. Lamlungu ndimapitabe kwa Che Twaibu, tafika pa zaka za ku Madina, pamene eni mudzi anagawana nyumba ndi minda ndi alendo othawa kwawo. Sanandifunsenso kanthu, ndipo ine sindinanene kanthu. Madzulo ndimawerenga ndekha pa bedi la Enos. 

Ndatumiza R1,200. Nkhumba ziwiri mugulitse, mugule mbewu mitengo isanakwere.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna apongozi adziwe. Asilamu akamaika munthu amamugoneka nkhope italoza ku Makka, komwe amayang'ana popemphera. M'kamzikiti kathu mbali imeneyo ndi khoma la kumene kuli thanki ya madzi. Dzulo Wilfred akumanga katundu pabwalo ndinamulozera khoma limenelo, n'kumufunsa kuti kumeneko ndi kuti. Iye sankadziwa chimene ndikufunsira. Anati, "Uko? Ndi kumpoto, akulu, chakum'mawa pang'ono. Msewu wathu ndi womwewo, Musina, Harare, Tete, mpaka pa Jenda." Ndinamufunsanso kachiwiri, anabwereza zomwezo.

Ndiye muwauze mayi kuti mwana wawo ndinamugoneka ndine, ndipo nkhope yake yaloza ku Mzimba. Kumene iye mwini ankafuna kuyang'ana sindikudziwa, sanandiuze. Ngati safuna kumva dzina langa, munene kuti mwamva kwa Wilfred.

Inenso ndimayang'ana khoma lomwelo kasanu pa tsiku.

Ndine mwamuna wanu,
Chikomeni